Jekete ya a Tcheya

"Tafika pa nkhani ya matayala," anatero Loya, maso ali papepala. "A Tcheya, apa ndiye mutipatse mpata."

A Tcheya anaimirira pang'onopang'ono ngati munthu amene akuchitira anzake chifundo. Anavula jekete yawo yotuwa n'kuikoleka kumsana kwa mpando, kenako anaikonza mapewa kuti awongoke. Magalasi anawasiya patebulo atayang'ana kwa anthu.

"Lamulo ndi lamulo," anatero. "Nkhaniyi ikukhudza mwana wanga, ndiye ine ndisamve. Kambiranani momasuka."

Anatuluka. Chitseko anachisiya chotsekuka pang'ono, mpata wongokwana dzanja, ndipo benchi ya m'kolido inalira pamene ankakhalapo.

Umu ndi mmene zinkakhalira nthawi zonse. Kampani ya mabasiyi inali ya banja. A Tcheya anaiyamba ndi basi imodzi yotha, akuiyendetsa okha, ndipo itakula a banki ndi a inshulansi anati pakhale bodi yeniyeni, ya madayilekita okhala pansi n'kumavota. A Tcheya sanakane. Anatenga mlamu wawo, amene aliyense ankangoti Amalume. Anatenga mwana wawo wamkazi, Asisi. Anatenganso Abusa a kutchalitchi kwawo kuti pakhale munthu wakunja, ndi mwana wawo woyamba amene ankayang'anira galaja. Mwana woyambayo atamwalira, mpando wake unapita kwa mkazi wake, mphunzitsi wa masamu, amene apabanjapo anamupatsa dzina loti Mafunso asanathe ndi mwezi womwe paukwati.

Loya, yemwe ankalemba maminitsi a bodi, ndi amene anawaphunzitsa kuti dayilekita amene nkhani ikumukhudza ayenera kunena poyera n'kutuluka. A Tcheya analikonda kwambiri lamulo limeneli. Ankatuluka mwaulemu wonse, jekete n'kutsala pampando, ndipo otsalawo ankalankhula ndi jeketeyo.

Loya anawerenga. Bodi inkapemphedwa zinthu ziwiri. Choyamba, kupitiriza kugula matayala kwa Mzime, mwana womaliza wa a Tcheya, amene anali ndi malo omatira mphira watsopano pa matayala akale. Chachiwiri, kuvomereza lipoti loti ngozi ya mwezi wapitawo inachitika chifukwa dalaivala ankathamanga, ndipo achotsedwe ntchito.

"Ine ndilibe mawu," anatero Amalume atayang'ana jekete. "Matayala a mwana wathu atiyendetsa chaka chonse. Tikasake kwa eni ake chinthu chimene tili nacho m'nyumba?"

Abusa anagwedeza mutu, bisiketi ili m'kamwa.

"Ndili ndi funso," anatero Mafunso.

"Tikanadabwa," anatero Asisi.

"Dalaivala wothamangayu ndi uti?"

Loya anatembenuza pepala ngakhale yankho ankalidziwa. "Uja anzake amamutchula Nkhono."

"Nkhono. Munthu amene okwera amadandaula kuti amawafikitsa pamaliro anthu atabalalika. Tinamuitana m'chipinda chino chomwe kumuuza kuti aziyendako msanga. Ameneyo ndiye wamera mapiko?"

"Satana sasankha tsiku, mayi," anatero Abusa.

"Satana samata matayala, Abusa."

Palibe anaseka. M'kolido munamveka kutsokomola kamodzi, ndipo Amalume anawongoka pampando ngati mwana wasukulu.

Mafunso anapitiriza, mawu ake ali pansipansi. Anati basi yangoziyo anaikokera kuseri kwa galaja, pafupi ndi mpanda wa nyumba yake, ndipo ankaiona m'mawa uliwonse akamayanika zovala. Tayala lakutsogolo linali litasendeka ngati nthochi, mphira womatawo utalendewera pambali. Anati malemu mwamuna wake sankalola tayala lomata kumawilo akutsogolo, chifukwa lakumbuyo likaphulika pali linzake loligwirira, koma lakutsogolo likapita basi imapita nalo. Anati palibe anafa ulendo uno, koma mayi wina anathyoka msana, ndipo Nkhono dzanja lake lamanja silidzagwiranso chiwongolero.

"Lipotili walemba ndani?" anafunsa.

"Kapitawo wa kugalaja," anatero Loya.

"Amene amalandira matayala kwa Mzime n'kuwamanga kutsogolo."

"Mlamu," anatero Asisi, akuzunguza supuni m'kapu momwe tiyi anali atatha kale, "munthu wakunja atakumvani angati mumadana ndi banja lino. Wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima."

"Ine kung'anima ndinazolowera. Koma okwera mabasi athu sanakwatiwe kuno."

Benchi inaliranso. Maso onse anapita pa jekete, ngati kuti ikweza mkono.

Mafunso anatembenukira kwa Loya. "Tandikumbutsani. Lamulo limati munthu atuluke chifukwa chiyani?"

"Kuti otsala alankhule ndi kuvota mosaopa."

"Ndiye atuluka?"

Loya anayang'ana cholembera chake ngati wangochitola panjira.

Mafunso anakankhira mpando kumbuyo n'kuzungulira tebulo. Zaka zonse za ukwati wake anali asanakhudzepo chovala cha apongozi ake. Jeketeyo inali yolemera kuposa mmene inkaonekera, ndipo inkanunkhira sopo ndi dizilo. Anaipinda pamkono, n'kutenganso magalasi aja.

M'kolido a Tcheya anali atakhala kumapeto kwa benchi, khutu lili kufupi ndi mpata wa chitseko. Ataona mpongozi wawo anawongola khosi.

"Bambo, mwaiwala jekete," anatero Mafunso, akupereka ndi manja awiri. "Kuno kumazizira."

A Tcheya anayang'ana jekete, kenako anayang'ana mayiyo nthawi yaitali. Opanda magalasi, maso awo ankaoneka aang'ono ndi otopa.

"Zikomo, mayi," anatero.

Mafunso analowa n'kukankha chitseko mpaka chinalira kuti khethe.

Ankaganiza kuti chipindacho chipuma. Sichinapume. Mpando wa a Tcheya unali wopanda kanthu tsopano, chikopa chake chitalowa m'kati pamene msana wawo unkatsamira, ndipo Amalume anapitiriza kuyang'ana pomwepo. Loya atati ovomereza akweze manja, la Amalume linakwera loyamba. La Abusa linatsatira, eni ake atatsinzina ngati akudalitsa chakudya. Asisi anakweza lawo akuyang'ana mlamu wawo m'maso.

"Otsutsa?"

Mafunso anakweza dzanja.

"Mulembe kuti ndakana, ndi chifukwa chake," anatero.

"Nthawi zonse timangolemba kuti bodi inagwirizana," anatero Loya.

"Lero sinagwirizane."

Loya analemba. Cholembera chinamveka chipinda chonse.

Loya anamupeza Mafunso pamasitepe msonkhano utatha. Loya anali bambo wodekha, wa kolala yoyamba kutha m'mphepete, amene ankayenda ndi mankhwala a chilungulira m'thumba.

"Mayi, mukudziwa amene amawerenga maminitsi athu?"

"Ndimayesa ndi inu nokha."

"A inshulansi. Chaka chikamatha amawapempha onse. Akaona kuti dayilekita anakana chifukwa cha matayala, atumiza munthu wawo kudzagwada pansi pa basi iliyonse. Zikatero za Mzime zatha."

"Nanga si bwino?"

"Kwa kampani mwina ndi bwino."

"Tsiku loyamba munatiuza chiyani? Munati pamaso pa lamulo kampani ndi munthu payekha. Munati dayilekita amatumikira munthu ameneyo, osati amene anamukhazika pampando. Ndinalemba m'kope ngati mwana wa sukulu."

"Ndinanenadi," anatero Loya, akumwetulira mbali imodzi. "Kungoti munthu ameneyo sindinakumanepo naye. Alibe pakamwa, ndipo sanandiitanepo mu ofesi. Amandiitana ndi a jekete aja." Anatafuna kamankhwala kake. "Maminitsi amatsimikizidwa pa msonkhano wotsatira. Kufikira tsiku limenelo mukhoza kubwera kwa ine n'kunena kuti lilime linaterereka. Ndikonza. Palibe adzadziwe."

"Inu mungatani mukanakhala ine?"

"Ine sindikhala m'nyumba ya kampani, mayi."

Nyumbayo inali kuseri kwa depoti, ya zipinda zitatu, khonde lake loyang'ana kugalaja. Mafunso analowamo ali mkwatibwi. Ankadziwa basi iliyonse ndi kulira kwake, ndipo mwana wake wamkazi anaphunzira kuwerenga pa manambala a mabasi. Pafelemu ya chitseko cha kukhitchini panali timizere ta pensulo tomwe malemu ankalemba poyeza msinkhu wa mwanayo. Kamzere komaliza kanali pansi pa phewa la mtsikanayo tsopano. Palibe anapitiriza.

Masiku otsatira palibe anamunena. Zinthu zinangoyamba kuchepa. Alonda a pageti, amene kale ankaimirira akamuona, anayamba kumupatsa moni atakhala. Apongozi aakazi anasiya kutuma galimoto kudzatenga mdzukulu wawo Loweruka. Pagulu la pafoni la banja anthu anangoti zii, ndipo Mafunso anazindikira kuti atsegula lina. Tsiku lina Mzime anaimitsa galimoto pampanda, mkono uli pawindo.

"Alamu, ndamva mwasiya masamu, mwakhala injiniya."

"Ndangokhala ndi maso, alamu."

"Masowo muziyang'anira ana a sukulu. Achimwene akanakhalapo sakanalola kuti muchite chipongwe kwa bambo."

"Akanakhalapo matayala anu sakanafika kutsogolo."

Mzime anaseka, koma khutu lake linafiira. Anachoka mothamanga, fumbi n'kugwera pa zovala zimene zinali pachingwe.

M'mawa uliwonse, akamapita kuntchito, Mafunso ankadutsa mkazi wa Nkhono atakhala pamwala kunja kwa geti, kachikwama ka pulasitiki kali pamiyendo, akudikira kuonana ndi a Tcheya. Galimoto ya a Tcheya inali ndi magalasi akuda. Mayiyo ankaimirira ikamabwera n'kukhalanso ikadutsa. Sankadziwa kuti Mafunso ndi ndani m'bodi, kapena kuti kuli chinthu chotchedwa bodi. Ankangomupatsa moni ngati mnzake wa m'njira.

A Tcheya anabwera Lamlungu masana, atavala jekete ija. Sanatume munthu. Anagogoda okha, n'kukhala pampando umene mwana wawo ankakonda kukhalapo. Mafunso anawapatsa tiyi, mtsikana anapereka moni kwa agogo ake n'kulowa kuchipinda.

"Wakula," anatero a Tcheya. "Mayendedwe ndi a bambo ake."

Anamwa tiyi. Kunja makaniko wina ankamenya chitsulo.

"Mayi, ine ndinaika mwana mmodzi m'manda," anayamba. "Inu munalipo, sindikuuzani zachilendo. Wotsalayu mukumudziwa. Ndinamutumiza kusukulu, anabwerako ndi ngongole za mowa. Ndinamutsegulira sitolo, anaimwa. Ntchito ya matayalayi ndi chinthu choyamba chimene chimamudzutsa m'mawa. Amafika pantchito ine ndisanadzuke. Mayi ake ayambanso kugona tulo. Ndiye mukufuna ndimulande, ndimuikenso uyu ndikuona?"

Sankanama, ndipo ichi ndi chimene chinamupweteka Mafunso. Akanabwera ndi ukali zikanaphweka.

"Bambo, sindikuti mumulande. Omatawo azipita kumbuyo kokha. Kutsogolo tigule atsopano. Ndipo Nkhono asachotsedwe ngati wolakwa."

"Ndikachotsa kutsogolo ndiye kuti ndavomera kuti lipoti linanama. Ndikavomera zimenezo, mayi wothyoka msana uja abwera ndi maloya ake, ndipo dzina limene lidzatchulidwe kukhoti ndi la mwana wanga. Chibale ndi fupa, mayi, sichiola."

"Nanga ikagwanso basi ina?"

"Ndayendetsa mabasi inu musanabadwe. Ngozi ilibe mwini."

Anaika kapu pansi n'kuyang'ana kudenga, kumene madzi a mvula anasiya banga looneka ngati khutu.

"Denga ili likufunika kukonza," anatero. "Mukudziwa, nyumba ino ndi ya kampani. Inalembedwa kuti ndi ya woyang'anira galaja. Mwana wanga atapita, Amalume anati tiikemo kapitawo, ine ndinakana. Ndinati mdzukulu wanga sachoka pamene anabadwira. Pamenepo ndinaphwanya lamulo la kampani, ndipo inu simunakweze dzanja kutsutsa."

Mafunso anatola kapu ija n'kuiika pambali. A Tcheya anapitiriza.

"Sindikukuthamangitsani. Ndikungofuna kudziwa ngati tili banja kapena tili bodi. Tikakhala banja, mupite kwa Loya mukakonze mawu aja, ndipo za jekete ndiiwala. Tikakhala bodi, ndiye titsate malamulo onse, osasankha." Anaimirira n'kumanga batani la jekete. Pakhomo la kukhitchini anaima, chala chawo chikuyenda pa timizere ta pensulo. "Dzanja lake ili," anatero motsitsa, n'kutuluka.

Sabata imeneyo Mafunso anayenda kufunafuna nyumba ya lendi akaweruka kusukulu. Anaona nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo omwera mowa, khoma lake likunjenjemera ndi nyimbo dzuwa lisanalowe. Anaona ina yabwinoko kutali, kumene akanafunika kukwera kawiri kuti afike kuntchito. Mwini nyumba wina anamufunsa kuti bambo ali kuti, ndipo atamva anati nyumba yake sabwereketsa kwa mayi wopanda mwamuna, chifukwa alendo amachuluka. Mafunso anathokoza n'kutuluka. Nsapato zake zinali zitayera ndi fumbi.

Atafika kunyumba anapeza mwana wake akusita yunifolomu. Sukulu yogonera komweko inali pafupi kutsegulira.

"Amayi, tikusamuka?"

"Wamva kwa ndani?"

"Makomawa ndi opyapyala." Mtsikanayo anatembenuza siketi. "Ndikadzabwera pa holide ndidzafikire kuti?"

Mafunso anayang'ana chitseko cha kukhitchini. Anadziuza kuti anachita mbali yake. Anafunsa, anakweza dzanja, anachita zimene Abusa ndi Amalume sanachite. Dzanja limodzi silingaimitse basi. Anadziuzanso kuti akakhalabe m'bodi adzatha kulankhula tsiku lina, pamene akachoka sipadzakhalanso wofunsa. Maganizo amenewa anali osalala bwino, ndipo anawakayikira chifukwa cha kusalalako, komabe anatenga foni.

"Ndibwera Lolemba, ndikangomukweza mwana," anauza Loya. "Mukonze."

"Mwachita bwino, mayi," anatero Loya. Mawu ake sanamveke ngati a munthu wokondwa.

Lolemba m'mawa depoti inadzaza ana a sukulu ndi masutikesi awo. Zidzukulu za a Tcheya zinkakwera ulere, mpando wakutsogolo kuseri kwa dalaivala. Mtsikana anakokera sutikesi yake kugeti la depoti, koma mayi ake anamugwira mkono n'kuimitsa takisi.

"Tikupita kuti? Basi yathu ndi iyo."

"Yadzaza."

"Amayi, mpando wanga amandisungira."

"Lowa, usandichedwetse."

Anawoloka tauni yonse mpaka kumene kampani ina inkaimika mabasi ake, kuseri kwa msika wa zitsulo. Uku palibe ankawadziwa. Mafunso anagula tikiti, ndipo kondakitala akukweza sutikesi, iye anapezeka atawerama pa tayala lakutsogolo, akulipapasa m'mphepete kufuna msoko wa chomata. Linali latsopano, timinga ta mphira tisanathe n'komwe.

Ataweramuka anaona mayi wina mbali ina ya basi akuchita chimodzimodzi. Anali atavala mpango waukulu ndi magalasi akuda ngakhale kunali mitambo. Kumbuyo kwake kunaima anyamata awiri ofanana nkhope, atanyamula zikwama. Anali mapasa a Asisi.

Ana anakuwa mokondwa n'kuthamangirana. Amayi awo anangoima, basi ili pakati pawo. Kenako Asisi anazungulira kutsogolo n'kuvula magalasi.

"Mwadzuka bwanji, mlamu?"

"Ndadzuka. Kaya inu?"

"Kwathu kuja yadzaza," anatero Asisi.

"Inenso ndamuuza zomwezo uyu."

Asisi anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Anayang'ana uku ndi uku ngati pangakhale wina wa kudepoti.

"Mwayamba liti kuwakweza kuno?" anafunsa Mafunso.

"Temu yatha."

"Ngozi isanachitike?"

Asisi anapinda mpango wawo pachala n'kuupindulanso.

"Munkadziwa," anatero Mafunso.

"Amuna anga ndi amene anaona tayala lina litatupa. Ndinawauza bambo, anandifunsa ngati ndikufuna mchimwene wanga abwerere kumowa. Ndikanatani? Ndi bambo anga. Inu mukhoza kukwatiwanso n'kupeza apongozi ena, ine bambo ena ndikawapeza kuti?"

"Koma dzanja munakweza."

"Dzanja ndi dzanja, mlamu. Mwana ndi mwana." Asisi anayandikira, mawu awo anafewa. "Musandiyang'ane choncho. Loya wandiuza kuti mukupita kukakonza lero. Mwaganiza bwino. Tonse tili chimodzimodzi, aliyense amateteza wake. Za kuno tisakazitchule kunyumba. Inu simunandione, ine sindinakuoneni."

Anamugwira dzanja mwachikondi. Chiyambire ukwati wake, aka kanali koyamba kuti Asisi amugwire choncho, ngati m'bale.

Kondakitala anaitana. Ana anakwera, atatu onse pampando umodzi, akukanganirana windo. Mtsikana anatulutsa mutu.

"Amayi, simunandiyankhe. Pa holide ndidzafikire kuti?"

"Ndidzakudikira pompano," anatero Mafunso. "Usadzatsikire kwina."

Basi inanyamuka. Asisi anavalanso magalasi, n'kunena kuti galimoto aisiya kuseri ndipo akhoza kumutengako mpaka ku ofesi ya Loya. Mafunso anati ali ndi zogula pang'ono, adzayenda yekha.

Anatsika ndi msewu wa zitsulo, pakati pa owotcherera mageti ndi ogulitsa mapaipi, mpaka pamphambano yaikulu. Magetsi a pamsewu anali ofiira. Pamzere woyamba panaima basi ya kampani yawo, yopakidwa bwino, dzina la banja lili m'mbali ndi zilembo zikuluzikulu. Inali yodzaza ana a yunifolomu. Pampando wa kuseri kwa dalaivala, umene ankasungira mwana wake, panakhala kamtsikana kakang'ono kometa, koyamba kumene sukulu yogonera, katakumbatira chidebe chatsopano. Pansi pake penipeni panali tayala lakutsogolo. Mafunso anauona msoko wa chomata ali patali, mzere wopyapyala wozungulira m'mphepete.

Kamtsikanako kanamuona akuyang'ana ndipo kanamubayibitsa, monga ana amachitira ndi aliyense. Magetsi anasintha. Basi inapita.

Mafunso anaima pomwepo mpaka anthu anayamba kumugunda mapewa. Kenako anapatuka n'kuima pakhonde la sitolo ina yaikulu, n'kuimba foni.

"Ndikukudikirani, mayi," anatero Loya. "Ndakonza kale, mungodzawerenga."

"Bwezeretsani mmene zinalili."

Mafunso anamva Loya akutsegula kabotolo ka mankhwala.

"Mukudziwa kuti sizisintha voti? Matayala aja akhalabe mpaka a inshulansi adzawerenge, ndipo kumeneko ndi kutha kwa chaka. Pofika nthawiyo inu m'bodi mulibemo. Eni masheya a kampani ndi iwowo, akuchotsani pa msonkhano umodzi."

"Andichotse. Koma mawuwo awapeze momwemo."

"Nanga nyumba?"

"Ndi ya woyang'anira galaja. A Tcheya akunena zoona, pamenepo sindinakweze dzanja."

Loya anapuma mozama. "Ndiwauze ndine, kapena muwauza nokha?"

"Ndiwauza ndekha. Inu mungolemba."

Anatseka foni. M'sitolomo mnyamata wa pakauntala ankatsegula katundu watsopano, makatoni opanda kanthu ataunjikana pakhomo. Mafunso anafunsa mwini sitolo ngati angatengeko.

"Tengani, mayi, angotidzazira malo. Mukufuna angati?"

Mafunso anaganiza za mabuku a malemu, mbale za paukwati, nsapato za mwana zimene zinamuchepera koma sanataye. Anaganizanso za felemu ya chitseko cha kukhitchini, imene singalowe m'katoni iliyonse.

"Amene ndingathe kunyamula," anatero.

Anawaphwasula, n'kuwamanga pamodzi ndi chingwe chimene mwini sitolo anamupatsa. Sanali olemera, koma mphepo inkawakankha, ndipo anayenda nawo chopendekera mpaka kudepoti. Pageti mkazi wa Nkhono anali pamwala pake. Ataona mayi akulimbana ndi makatoni anaimirira, n'kusiya kachikwama kake pamwalapo.

"Dikirani ndikuthandizeni, amayi. Mukusamuka?"

"Eya."

"Mwapeza kwabwino?"

"Sindinapeze," anatero Mafunso.

Mayiyo anagwira mbali ina ya mtolowo, ndipo analowa nawo pageti, alonda akuwayang'ana atakhala.